Lenzi ikamasakasaka fokasi mumdima: yankho kwa wojambula wa ku Chibavi

"Zikomo akulu. Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ndimajambula pa maukwati, pa zinkhoswe ndi m'matchalitchi. Ndili ndi Canon 600D. Chaka chatha ndinagula lenzi ya 10-18mm kuti holo yonse izikwana pa chithunzi chimodzi. Masana imagwira bwino kwambiri. Koma kukangoda, kapena magetsi akazima mwambo uli mkati, lenziyo imangopita uku ndi uku osagwira fokasi, batani n'kukana kujambula. Sabata yatha ndinayesa kujambula nyenyezi. Pa sikirini ya kamera zimaoneka bwino, koma nditaika pa kompyuta zonse zinali chimbuuzi. Ndi lenzi ya 50mm sindivutika chonchi. Kodi anandigulitsa lenzi yakufa?"

Achimwene, mtima m'malo. Lenzi imene imagwira bwino masana n'kumavuta usiku wokha nthawi zambiri imakhala ilibe vuto lililonse. Zimene mwalongosolazi wojambula aliyense amene anayesapo kugwira ntchito mumdima anakumana nazo, ndipo ine ndakumana nazo kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikunyamula kamera mu mzinda uno. Chofunika n'chakuti kukada musiye kudalira kamera kuti ikusakireni fokasi. Ntchito imeneyo muitenge m'manja mwanu.

Kamera siona munthu, siona mkwatibwi, siona nyenyezi. Imafuna malire, pamene choyera chakumana ndi chakuda, monga pamene kolala ya malaya oyera yakumana ndi jekete. Ikapeza malire otero imasuntha magalasi a m'kati mpaka malirewo atathwa, kenako n'kulira kuti yagwira. Mumdima malire amazimirira, zonse zimangokhala bii, ndiye lenzi imathamangira kutali, n'kubwerera pafupi, n'kupitanso. Ndiko kusakasaka mukunenaku. Ndipo kamera ikakhala pa One Shot, njira yogwira fokasi kamodzi pa chinthu choima, siilola kujambula isanagwire fokasi, n'chifukwa chake batani likukukanirani.

Funso lanu la 50mm lili ndi yankho lomveka. Kamera imasaka fokasi khomo la lenzi, polowera kuwala, lili lotsegula mpaka pamapeto, ngakhale inu mutaika f/8 (nambala ya f ikamakula, khomo limachepa). Ngati 50mm yanu ndi ya f/1.8 ija ambirife tili nayo, khomo lake n'lalikulu. Ya 10-18mm ikatsegula kwambiri imalekeza pa f/4.5, ndipo mukaipititsa ku 18mm imatsikira pa f/5.6. Kuwala kolowa pa f/1.8 kumaposa kwa pa f/4.5 pafupifupi ka 6. Choncho m'holo momwemo, nthawi yomweyo, lenzi ina ikuona ngati kuli chisisira pamene inzake ikuona usiku. Onjezerani apo kuti lenzi yotambalala imachepetsa chilichonse. Nkhope ya munthu amene ali mamita 8 kuchokera pamene mwaima imasanduka kadontho, ndipo kabokosi ka fokasi kamaphimba nkhopeyo pamodzi ndi khoma, nsalu ndi maluwa a kumbuyo. Kamera imangosankha chimene chawala kwambiri, kawirikawiri osati chimene inu mumafuna.

Palinso chinyengo china chimene chinakupusitsani pa nyenyezi zija. Pa lenzi yotambalala zinthu zimaoneka ngati zagwira fokasi ngakhale zisanagwire, makamaka pa kasikirini ka mainchesi 3. Chithunzi cha 600D chili ndi timadontho 18 miliyoni, pamene kasikiriniko kamangoonetsa pafupifupi 1 miliyoni. Cholakwa chimabisala bwinobwino mpaka mutafika kunyumba.

Ine phunziro limeneli ndinalipezera ku Chikangawa. Unali mwezi wa Julayi, mwezi kumwamba kulibe, mdima wa ndiweyani, Mlalang'amba utayala pamwamba pa mitengo ya paini ngati ufa wotayika. Ndinazungulitsa mkombero wa fokasi mpaka pamene unalekeza, poganiza kuti pamapeto ndiye kutali kwenikweni. Ndinakhala maola atatu pachisanu, zala zitauma, ndikujambula. M'mawa nditatsegula pa kompyuta, nyenyezi iliyonse inali kampira kotupa, ndipo panalibe chithunzi ngakhale chimodzi choti n'kusunga. Zinandipweteka mtima kwambiri chifukwa thambo loyera chotero sulipeza tsiku lililonse kuno. Chimene sindinkadziwa n'chakuti malenzi ambiri a masiku ano amapitirira malo a kutali kwenikweni. Opanga amasiya dala kampata kuti injini ya fokasi isamagunde pamapeto, komanso chifukwa galasi ndi zitsulo zimafutukuka kukatentha n'kufinyika kukazizira. Ngakhale chizindikiro chokhala ngati 8 wogona chimene chili pa malenzi ena, musachikhulupirire musanachiyese. Yanu ya 10-18mm ndiye ilibe n'komwe manambala a mtunda, ndipo mkombero wake ulibe polekezera, umangozungulira. Ndi ya mtundu wa STM: mkomberowo sukankha galasi mwachindunji, umangouza injini kuti isunthe. Kamera ikagona tulo kapena mukaithimitsa, mutha kuzungulitsa mpaka kutopa, palibe chisunthe. Dinani kaye batani pang'ono kuti idzuke.

Tsono pa nyenyezi chitani motere, ndipo apa musapupulume. Ikani kamera pa tripod, pa nthaka yolimba. Kaswichi ka pa lenzi kachotseni pa AF (kamera kusaka yokha fokasi) kapite pa MF (fokasi ya pamanja), ndipo ka Stabilizer kathimitseni, pakuti kamera ikakhazikika sikafunikanso. Ngati kutsogolo kuli fyuluta ya UV, ichotseni, imabweretsa timizukwa ta kuwala. Sankhani kutambalala kumene mujambulire, tinene 10mm, ndipo musakusinthenso. Ambiri amakokera zumu ku 18mm kuti aone bwino, n'kugwira fokasi, kenako n'kubwerera ku 10mm. Pa malenzi ambiri a zumu fokasi imasuntha mukatero. Ikani kamera pa M, khomo pa f/4.5, shata pa masekondi 30, ISO pa 6400, kenako yatsani Live View, yoonetsa pa sikirini zimene lenzi ikuona. Manambala amenewa si ojambulira ayi, ndi ongothandiza kuti sikirini iwale.

Fufuzani nyenyezi yowala kuposa zonse. M'miyezi yozizira, madzulo mukayang'ana kumwera muona Mtanda wa Kumwera ndi nyenyezi ziwiri zowala zimene zimauloza. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ndipo imaoneka pa sikirini popanda vuto. M'dzinja muli ndi Sirius ndi Canopus. Nthanda kapena Jupiter zikakhalapo, ndiye bwino koposa. Tembenuzani kamera kuti nyenyeziyo ikhale cha pakati, dinani batani lokulitsa kawiri kuti lifike pa 10x, kenako yambani kuzungulitsa mkombero pang'onopang'ono. Muona kampira kotupa kakuchepa, kakuchepa, mpaka kukhala kadontho, kenako kayambanso kutupa. Pamenepo mwapitirira. Bwererani. Pitirirani dala mbali zonse ziwiri kawiri kapena katatu kuti chala chidziwe pamene pali pakati. Chizindikiro chimene ine ndimadalira kwambiri si nyenyezi yaikuluyo, koma tinyenyezi tating'ono toizungulira. Fokasi ikangofika penipeni timatulukira mwadzidzidzi pamene panali mdima wokhawokha, ndipo mukasuntha pang'ono timazimiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zisanu zimene muthere apa n'zimene zipulumutse usiku wonse.

Ngati nyenyezi ikukana kuoneka pa sikirini, musagwe mphwayi. Kwa lenzi ya 10mm, nyale imene ili pa mtunda wa mamita 50 ndi chimodzimodzi nyenyezi. Babu la pakhonde la nyumba ya tsidya, magetsi a m'tauni mukakhala pamtunda, zonsezo zimathandiza, bola musankhe kanyale kakang'ono koyera, osati chinyale chothobwa m'maso. Mukatsikira kunyanja ku Nkhata Bay, nyali za asodzi a usipa zimene zimandandalika pamadzi usiku ndi zabwino zedi pa ntchito imeneyi. Kuthengo kopanda nyale iliyonse, mutumeni mnzanu ayende mapazi 60 ndi tochi ya foni, aime, inu mugwire fokasi pa tochiyo. Mnzanuyo mumufunanso pa chifukwa china: usiku musamapite nokha kutchire ndi katundu wodula chotere. Mwezi ukakhalapo, ngakhale AF imaugwira. Ikagwira bwezani kaswichi pa MF.

Mukatero bwezani manambala ojambulira. Pa 10mm yambani ndi masekondi 20, f/4.5, ISO 3200, ndipo gwiritsani ntchito taimala ya masekondi 2 kuti dzanja lisagwedeze kamera. Pali lamulo lakale logawa 500 ndi kutalika kwa lenzi kuti mudziwe masekondi amene nyenyezi sizinayambe kukoka mizere. Pa kamera yanu muyambe mwachulukitsa 10mm ndi 1.6, zimene zikupatsa 16, ndiye 500 kugawa 16 ndi masekondi 31. Ine ndimaona kuti lamuloli limapatsa mowolowa manja kwambiri, n'chifukwa chake ndimatsikira pa 20. Jambulani chimodzi, chitseguleni, chikulitseni mpaka pamapeto, muyang'ane pakati ndi m'makona. Mukakhutira, matani kachidutswa ka tepi ya amagetsi pa mkombero wa fokasi ndi wa zumu. Ndipo muzionanso pakapita zithunzi zingapo, makamaka mukasuntha tripod, mukasintha batire, kapena kuzizira kukawonjezeka. Anthu ena amagwiriratu fokasi dzuwa lisanalowe, poloza phiri lakutali monga Kaning'ina, n'kumata tepi. Ndi nzeru yabwino ndipo inenso ndimachita, komabe kukada ndimatsimikizanso pa nyenyezi.

Mungafunse za mtengo kapena nyumba imene mukufuna ioneke kutsogolo kwa nyenyezizo. Pa 10mm, fokasi ili kutali, chilichonse chotalikira mamita 3 kapena kuposa chituluka bwino. Chikayandikira kuposa apo, bwererani m'mbuyo, kapena jambulani kawiri osasuntha kamera, china fokasi ili pa nyenyezi, china ili pa mtengo mutauwalitsa ndi tochi, mukaziphatikize pa kompyuta.

Tsopano ku holo, kumene kuli ndalama zanu. Kumeneko nkhani ndi ina, chifukwa anthu akuvina, perekaniperekani ali mkati, ndipo palibe amene adikire kuti mukulitse sikirini ka 10. Apa lenzi yotambalala imene inakuvutitsani ija imasanduka bwenzi. Ili ndi dera lalikulu limene zinthu zimaoneka zogwira fokasi, kuyambira pafupi mpaka kutali. Pa kamera yanu, lenzi ili pa 14mm ndi f/5.6, mukaika fokasi pa mamita 3, chilichonse kuyambira mita imodzi ndi pang'ono mpaka kumapeto kwa holo chituluka bwino. Pa 10mm, fokasi ya pa mamita 2 ikukwanirani kuyambira pochepera mita imodzi. Pa 18mm dera limachepa: fokasi ya pa mamita 3 imayambira pa mita imodzi ndi theka. Ndiye mwambo usanayambe, kapena magetsi akangozima, walitsani tochi pa mpando kapena pa keke imene ili mapazi anayi kuchokera pamene muli, gwirani fokasi, ikani pa MF, basi. Kuyambira pamenepo batani silikukananinso. Ntchito yanu ndi kusunga mtunda ndi miyendo: mkwati akayandikira kwambiri, inu bwererani phazi limodzi. Mukakayikira mtunda, ndi bwino kulakwira kutali pang'ono kusiyana ndi pafupi, chifukwa fokasi ikafupika kumbuyo konse kumafa.

Chenjezo langa n'lakuti njira imeneyi musapite nayo ku nyenyezi. Mawerengedwe ake anapangidwira chithunzi chosindikiza cha saizi wamba, choonera patali ndi dzanja. Nkhope m'holo imakhululuka kulakwa kwakung'ono, koma nyenyezi ndi kadontho, ikangotupa pang'ono diso limaona.

Ngati mukufunabe AF m'holo, ithandizeni. Pa timabokosi 9 ta 600D, ka pakati ndi kamene kali ndi mphamvu, kamaona malire oima ndi ogona omwe. Sankhani kameneko kokha, musalole kamera kusankha yokha. Lozani pa malire enieni, tayi pa malaya oyera, mkanda pakhosi, m'mphepete mwa chitenje cha maluwa, osati patsaya kapena pa suti yakuda. Gwiritsani ntchito kazenera kosuzumira, pakuti AF ya Live View pa kamera imeneyi ndi yochedwa ngakhale masana. Fulashi ya pamwamba, kaya ya Canon, Godox kapena Yongnuo, zambiri zimaponya timizere tofiira tothandiza kamera kugwira, koma timizereto timafika mamita ochepa okha ndipo timayaka kamera ikakhala pa One Shot, osati pa AI Servo, njira yotsatira chinthu choyenda. Ambiri amadandaula kuti fulashi yawo yafa pamene angoiwala zimenezi. Kafulashi ka pa kamera kamene kamathwanimathwanima pofuna fokasi kamathandizanso, koma m'tchalitchi pa nthawi ya pemphero ine sindikayatsa, kamasokoneza anthu. Tsiku lina mukapeza mpata, lowani mu Custom Functions musamutsire fokasi ku batani la kumbuyo lokhala ndi chizindikiro cha *. Mukazolowera, chala chachikulu chimagwira fokasi kamodzi, chala cholozera n'kumangojambula, lenzi osasakanso.

Komanso si chimbuuzi chilichonse chimachokera ku fokasi, ndipo ndaona achinyamata ambiri akulimbana ndi mkombero pamene vuto lili pena. Kulitsani chithunzi muyang'ane kanyale kalikonse kali m'menemo. Kakatupa mozungulira bwinobwino, ndi fokasi. Kakakoka kamzere kapena kamchira, ndipo zinthu zonse zakokera mbali imodzi, kamera inagwedezeka. Makoma akakhala bwino koma anthu okha ndiwo afufutika, shata inachedwa. Ovina amafuna 1/125 kapena kuposa, apo ayi fulashi iwaimitse. Nyenyezi zonse zikakhala timizere tofanana, masekondi anachuluka. Za pakati zikakhala bwino koma za m'makona zili ngati timbalame totambasula mapiko, chimenecho ndi chibadwa cha malenzi ambiri otambalala akatsegulidwa kwambiri, si kulakwa kwanu. Ndipo ngati mukasuzumira pa kazenera zonse zikuoneka mbuu, ngakhale manambala a m'munsi, sinthani kagudumu kakang'ono ka pambali pa kazenerako. Kamakonzera diso lanu lokha, sikakhudza chithunzi.

Kuno ku Mzuzu tili ndi mdani wathuwathu, mame. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, mpweya wake ndi wachinyezi, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kwambiri. Galasi lakutsogolo likaloza kumwamba limazizira msanga, mame n'kuyamba kugwirapo inu osadziwa. Zithunzi zoyamba zimatuluka bwino, za pambuyo pake nyenyezi iliyonse ili ndi chinkhungu choizungulira, ndiye munthu amathamangira kukhudza fokasi imene inali bwinobwino. Musanakhudze mkombero, walitsani tochi cham'mbali pa galasi muone. Pukutani ndi kansalu kofewa ka magalasi, osati malaya. Chipewa cha lenzi chimachedwetsa mame, ndipo kuli timalamba totenthetsa lenzi tolumikiza ku power bank timene timathetseratu vutoli. Pobwerera, ikani kamera m'chikwama n'kutseka musanalowe m'nyumba yofunda, ikhale momwemo kwa ola limodzi. Chifunga chikatsika monga chimachitira cha ku Lunyangwa m'bandakucha, longedzani, palibe fokasi imene ingachiboole. Ogasiti nthawi zambiri amapatsa thambo loyera, utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke, ndipo pakati pa Mlalang'amba pamakhala pamwamba penipeni madzulo.

Chinyezi chomwechi chimameretsa nkhungu m'kati mwa malenzi osungidwa m'chikwama chotseka nyengo yonse ya mvula. Chotsani lenzi, muwalitse tochi kumbuyo kwake, muyang'ane kutsogolo. Mukaona timizu toyera ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, ndipo usiku imafufutitsa nyale iliyonse. Sungani malenzi m'chigubu chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel, tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi, ndipo muzitiumitsa kawirikawiri.

Kuti mtima ukhale pansi pa funso lanu loti lenzi ndi yakufa kapena ayi, iyeseni masana. Matani nyuzipepala pakhoma, kamera pa tripod moyang'anizana ndi khomalo, pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Jambulani katatu: ndi AF ya pa kazenera, ndi AF ya Live View, ndi dzanja mutakulitsa 10x. Kenako tulukani mulozenso chinthu chakutali, ngati nsanja ya mafoni. Zonse zikatuluka bwino, lenzi ilibe mlandu. Koma pitani kwa wokonza makamera ngati mbali imodzi ya chithunzi imafufutika nthawi zonse pamene inayo ili bwino, chifukwa ndiye kuti galasi lina la m'kati linasuntha, kawirikawiri lenzi ikagwapo. Pitaninso ngati zakutali sizigwira ngakhale ndi dzanja, ngati injini ikulira mokukuta, ngati kamera ikulemba Err 01 ngakhale mutapukuta timano tagolide ta kumbuyo kwa lenzi, kapena ngati mwapeza nkhungu ija. Za Live View zikamatuluka bwino koma za pa kazenera n'kumaphonya nthawi zonse, vuto ndi kugwirizana kwa kamera ndi lenzi, ndipo 600D ilibe pokonzera zimenezi mu menyu monga ilili 7D kapena 70D, choncho pafunika mmisiri. Musanalipire aliyense, bwerekani kamera ya mnzanu muikepo lenzi yanu, inunso muike lenzi yake pa kamera yanu, mudziwe chimene chikudwala. Ndipo chonde musaitsegule nokha ndi sikuludiraiva, kapena kuipereka kwa wokonza mafoni amene sanatsegulepo lenzi. M'kati muli timawaya topyapyala ndi timbale tochepa ngati pepala tosunga magalasi pamalo pake, ndipo kamodzi kakasochera lenziyo sibwereranso mwakale. Funsani ojambula akale a m'tauni muno kumene amapititsa zawo, ngakhale kutakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo potumiza muikemo zithunzi za nyuzipepala zija kuti mmisiriyo aone yekha chimene mukudandaula.